Ndinkati ndi m'mimba chabe: zomwe zinandichitikira ndi kachilombo

Ine ndi kalipentala, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndili ndi kachilombo ka HIV. Ndinayezetsa mu 2013, osati kuti ndimadwala ayi, koma mayi a kunyumba anali oyembekezera ndipo kusikelo anawapeza nako, nde anabwera ndi uthenga woti abambo nawonso abwere. Ndinazengereza sabata ziwiri kenako ndinapita. Anandipeza nako. Iwowo anawayambitsa ma ARV nthawi yomweyo chifukwa kuyambira 2011 kuno ku Malawi mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka nako amayamba mankhwala osadikira, koma ine ananditenga magazi ena a CD4 aja timati asilikali a mthupi, rizati inabwera 400 ndi kakuti. Nthawi imeneyo lamulo linali loti uyambe asilikali akatsika kufika 350, nde anangondipatsa Bakitirimu kuti ndizimwa tsiku lililonse ndi deti yobwereranso.

Ndinatuluka muja ndikudzimva ngati ndapambana. Mmutu mwanga ndinkati kachilombo kanga ndi kofooka, thupi langa ndi lolimba, munthu wopala matabwa tsiku lonse. Bakitirimu ndinamwa mwina miyezi isanu, kenako ndinayamba kudumphitsa, kenako deti ina inagwera tsiku lomwe ndinali ndi oda ya zitseko ku Chirimba ndipo sindinapite, deti yotsatira manyazi anandigwira kuti akandikalipira, basi nkhani inathera pomwepo. Kabuku ka kuchipatala ndinakaika pansi pa sutikesi. Mayi a kunyumba ankandikumbutsa, ine kuyankha kwake kunali kumodzi, "mukundiona ngati ndikudwala ine?"

Apa ndi pomwe ndimafuna wina anandiuza zomwe ndinadzamva patapita zaka zisanu. Nambala ya CD4 imene amakupatsa ija amawerenga mmagazi a pamkono, koma asilikali ambiri sakhala mmagazi, amakhala mmatumbo, mzipupa za matumbo momwemo, chifukwa ndi momwe mumadutsa chilichonse chomwe tadya ndi kumwa komanso momwe mumakhala tizilombo tambirimbiri tomwe timathandiza kugaya zakudya. Ndipo kachilombo kakangolowa kumene, masabata oyambirira enieniwo munthu usanadziwe nkomwe, kamathamangira kumatumbo ndi kupha asilikali ambiri a kumeneko. Nde ine ndi 400 yanga ndimanyada ndi chithunzi cha pakhonde pomwe kuchipinda kunali kutapsa kale.

Kutsekula m'mimba kunayamba mu 2015. Sikunali koopsa, masiku atatu anayi kenako kusiya, mwezi wathunthu bwinobwino kenako kuyambiranso. Munthu wa ku Ndirande kutsekula m'mimba suona ngati nkhani, umati ndi chiwaya cha dzulo, kapena madzi, poti mipopi ikauma timatunga kulikonse komwe kwapezeka madzi. Ndinkangopita pa golosale kugula Flagyl wa mapilisi owerenga, anayi kapena asanu ndi limodzi, kumwa masiku awiri kukaleka ndaleka. Msana ukawawa ndi ntchito ndimamwa indosidi kapena brufen mmimba mulibe kanthu. Loweruka ndi anyamata kachasu pang'ono, tinkachita kunena kuti amapha njoka za mmimba. Panopa ndikaganiza ndimaseka chomvetsa chisoni, chifukwa zonse zitatuzi, mowa, mankhwala opha ululu aja ndi maantibayotiki omwa mwachisawawa, chilichonse chimakanda matumbo mwa njira yake, ndipo ine ndinkathira zonse pa chilonda chomwe chinalipo kale.

Mu 2016 boma linasintha lamulo kuti aliyense wopezeka ndi kachilombo aziyamba ma ARV pompopompo osayang'ana CD4. Mayi a kunyumba anabwera kuchokera kokatenga mankhwala awo nkundiuza kuti anesi akuti mubwere, zasintha. Sindinapite. Chifukwa chenicheni, ndinene zoona, ndinkaopa kuonedwa pa layini ija ndi makasitomala anga.

2017 inali yoipa. Mashingozi anandigwira mnthiti, mkamwa munatuluka zoyera zija zomwe ukadya nsima yotentha umamva ngati wameza khala, ndipo kutsekula kunasiya kupuma. Lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Mayi anga atabwera kuchokera kumudzi ku Thyolo anangondiyang'ana nkunena kuti mwana wanga iwe ndi kanyera uyu kapena alipo wakuponda, sananene mawu oti kaliwondewonde ngakhale ndikudziwa kuti ndi omwe anali mumtima mwawo. Ananditengera kwa a sing'anga ena. Iwo anati mmimba mwanga muli zoipa zofunika kutsuka, anandipatsa botolo la malita awiri la madzi akuda owawa, ndinalipira ndalama yomwe ndinapeza nditagulitsa mpando wa sofa womwe ndinapangira kasitomala wina (ndinadzamubwezera patatha chaka, ubale unatha). Mankhwala aja anandithamangitsa kuchimbudzi kakhumi ndi kuposa usiku umodzi, a sing'anga pa foni akuti ndi momwemo bambo, zoipa zikutuluka. Abale anga, munthu amene akutsekula kale m'mimba musamupatse mankhwala otsuka m'mimba, kaya achikuda kaya a mubotolo lokongola, chomwe chimatuluka ndi madzi ndi mchere wa mthupi basi. Chomwe ndimafunika usiku umenewo chinali Thanzi ORS wa ndalama zochepa ndi galimoto yopita kuchipatala.

Ndinagwa mu February 2018. Thupi linatentha masiku angapo, malungo anayeza pa kiliniki ina yolipira sanawapeze koma ndinagulabe LA, osasintha. Tsiku lina mmawa ndinalephera kudzuka kuchoka mchimbudzi, mwana wanga wamkulu ndi neba ndi omwe anandinyamula. Anandigoneka ku chipatala chachikulu, madripi, mayi a kunyumba gadiyani akugona pansi pa simenti ndi chitenje. Anatenga magazi mkabotolo nkukawasunga ku labu masiku angapo kuti aone chomwe chimere, ndipo munamera kabakiteriya kotchedwa Salmonella. CD4 inabwera 60 ndi kakuti. Anayezanso mkodzo kufuna TB ndi magazi kufuna kafangasi kaja koyambitsa meninjaitisi, matenda oumitsa khosi aja, zimenezi amayeza aliyense amene CD4 yatsika pansi pa 200, mwayi wanga zonse ziwiri sanazipeze.

Ine ndinadabwa, ndinafunsa adokotala achinyamata amene ankazungulira mu wodi kuti Salmonella si wa mmimba kodi, wakafika bwanji mmagazi. Anakhala pamphepete pa bedi, zomwe si onse amachita, nkutenga chitenje cha mayi a kunyumba chomwe chinali chitatha mmphepete, kuchiyang'anitsa ku windo nkuti, "bambo, matumbo a munthu wabwinobwino ali ngati nsalu yatsopano, chakudya chimadutsa koma tizilombo timatsala mkati. Anu afika ngati apa," akuloza pomwe kuwala kumadutsa. Anati asilikali amene kachilombo kamayamba kupha kumatumbo ndi omwewo amene ntchito yawo ndi kusoka nsaluyi ndi kulondera kuti tizilombo tisawoloke. Anandiuzanso kuti Salmonella wa mmagazi mwa anthu a kachilombo si zachilendo kuno, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre konkuno akhala akulemba za iye zaka zambiri, ndipo amakonda kubwerera ngati munthu sanamalize mankhwala kapena sanayambe ma ARV. Ndinawafunsa kuti Bakitirimu uja akanathandiza? Anati amateteza ku matenda angapo a mmimba, chibayo china ndi malungo omwe, sateteza zonse, koma kumusiya kunali kutsegula geti. Mayi a kunyumba sanayankhule kanthu, anangotenga chitenje chawo nkuchipinda.

Ndinakhala mu wodi masabata awiri ndi masiku. Chipatala cha boma sulipira, koma musanamizidwe kuti kudwala ndi kwaulere. Minibasi ya gadiyani ndi ana tsiku lililonse, chakudya chapadera poti nsima ya mchipatala sinkalowa, mankhwala amodzi omwe tinakagula ku famase, lendi ya shedi yanga miyezi itatu ndisakugwira ntchito, mapeto ake ndinagulitsa makina anga opalira matabwa, omwe ndinawasungira ndalama zaka ziwiri. Mwana wamkulu anakhala teremu imodzi osapita kusukulu. Chimenechi ndi chomwe chimandiwawa mpaka lero kuposa matenda enieniwo.

Ma ARV ndinayamba ndisanatuluke, aja ankati 5A, a usiku, maloto ake ngati filimu. Kutsekula sikunasiye tsiku limodzi, kunatenga miyezi ngati itatu kuti ndizipita kuchimbudzi ngati munthu. Thupi linabwerera pang'onopang'ono, mabowo a lamba aja ndinayamba kubwerera mmbuyo limodzi limodzi.

Kenako anatisintha kupita ku 13A, aja muli dolutegravir, omwe anayamba kuperekedwa kuno mu 2019. Apa ndinalakwitsanso kachiwiri koma mosadziwa. Ine kuyambira nthawi ya indosidi ija ndili ndi vuto la kutentha pamtima, nde ndimasunga mapilisi a maginiziyamu otafuna aja, ndipo mmawa ndinkamwa ARV kenako nkutafuna awiri nthawi yomweyo kuti tsiku liyambe bwino. Vayirolodi yotsatira, kuyeza kuja koona kuchuluka kwa kachilombo mmagazi, inabwera yokwera kupitirira 1,000. Anesi anandiyang'ana ndi diso lija loti bambo inu mwayambiranso kudumphitsa, ine kulumbira kuti sindinaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, iwo osakhulupirira poti kabuku kanga kanali ndi mbiri yodifolota. Anandituma kwa mayi wina wa ma expert client, anthu a kachilombo aja amene amalangiza anzawo kuchipatala, naye ali pa mankhwala zaka zambiri, iyeyo sanandifunse ngati ndimamwa, anati achimwene tandiuzeni chilichonse chomwe chimalowa mkamwa mwanu kuyambira podzuka. Nditatchula maginiziyamu anawomba mmanja. Eti dolutegravir akakumana mmimba ndi maginiziyamu, kashiamu kapena mapilisi owonjezera magazi a ayironi amamatirirana ndipo mankhwala ambiri amangodutsa osalowa mmagazi. Lamulo lake losavuta kukumbukira ndi ili, imwani ARV maola awiri musanamwe zimenezo, kapena maola asanu ndi limodzi mutamwa. Ndinasintha, patatha miyezi itatu anayezanso, kachilombo sikanaonekenso mmagazi. Mukapita kokatenga mankhwala muzinena zonse zomwe mumamwa ngakhale za pa golosale, ine ndinkaona ngati ka pilisi kotafuna si mankhwala.

Tsopano chomwe chinandisowetsa mtendere ndi ichi. Vayirolodi yabwino zaka zotsatizana, koma ndinkatopa msanga, ndipo mu 2021 ndinalipira ku labu yapulayiveti kuti andiyeze CD4 poti ku boma ukakhala pa mankhwala amayang'ana kwambiri vayirolodi. Inabwera 300 ndi kakuti. Mayi a kunyumba, amene tinapezeka nako mwezi umodzi, nyumba imodzi, nsima imodzi, yawo inali kupitirira 700. Ndinakwiya ndithu, ndinati mankhwalawa akukondera.

Amene anandimasulira ndi mwana wa achemwali anga amene amaphunzira za udokotala, anabwera holide nkukhala nane pa shedi ndikupala thabwa. Anati malume, ARV amaletsa kachilombo kuswana koma sasoka matumbo msanga, ndipo mwa anthu amene anayamba mochedwa nthawi zambiri asilikali a kumatumbo sabwerera onse. Nsalu ija ikakhala yobooka, tizidutswa ta mabakiteriya a mmatumbo timadonthera mmagazi tsiku ndi tsiku, si matenda oti thupi litenthe ayi, koma chitetezo chimaona ngati kwabwera adani ndipo chimakhala chili dzuu usana ndi usiku osagona. Anati zimenezi anazionetsa ofufuza a ku America mu 2006, Jason Brenchley ndi Daniel Douek ndi anzawo, atapeza tizidutswa timeneti tochuluka mmagazi a anthu a kachilombo. Ine ndinati nanga chitetezo chikakhala chodzuka si zabwino? Anaseka. Anati mlonda amene sagona chaka chonse amatha mphamvu, komanso kachilombo kamaswana bwino mwa msilikali amene wadzutsidwa kuposa amene akupuma, nde munthu amene sali pa mankhwala zimazungulira, kachilombo kaboola matumbo, matumbo adzutsa chitetezo, chitetezo chodzuka chidyetsa kachilombo, ndi chifukwa chake ena amatsika msanga. Ndipo ngakhale uli pa mankhwala, kutukusira kwa mkati kosaoneka kumeneku akuti kumakhudzana ndi matenda a mtima, impso ndi chiwindi omwe amabwera msanga mwa anthu ngati ife.

Anandiuza nkhani ya anyani yomwe sindiiwala. Anyani ena a kuno ku Africa, a mtundu wa pusi ndi ena a kumadzulo otchedwa sooty mangabey, ali ndi kachilombo kawo kofanana ndi kathu kotchedwa SIV, kamachuluka mmagazi mwawo kwambiri koma ambiri sadwala Edzi, chifukwa matumbo awo sabooka ndipo chitetezo chawo chikadzuka poyamba chimabwerera kukakhala phee. Koma SIV akalowa mwa anyani a ku Asia otchedwa rhesus macaque, matumbo amaonongeka, chitetezo chimakhala chodzuka, amadwala nkufa ngati anthu. Ndinaima ndi pulena mmanja kuganiza kuti pusi wakuba chimanga kumudzi uja wandiposa.

Za mayi a kunyumba anati ndi zosavuta, iwo anatseka mpopi mu 2013, inu munausiya ukutayika mpaka 2018. Anatchulanso kafukufuku wamkulu wotchedwa START wa 2015 amene anapeza kuti oyamba mankhwala CD4 idakali pamwamba pa 500 amadwala matenda aakulu mochepa kwambiri kuposa odikira, ndi wina wa 2006 wotchedwa SMART amene anauimitsa panjira ataona kuti anthu omwa mankhwala mopumira akudwala ndi kumwalira kuposa omwa mosalekeza, ena ndi matenda oti si a Edzi nkomwe. Nde amene mumati ndipumeko kaye mwezi uno poti ndikupeza bwino, nkhani yake ndi imeneyo.

Mukuganiza kuti nditamva zonsezi ndinachenjera? Ayi ndithu. Nditangomva mawu oti matumbo ndinagwa mmanja mwa mayi wina wa kutchalitchi wogulitsa masapulimenti a mmabotolo, aja amati ukalowetsa anzako nawenso uzipeza ndalama. Anati ali ndi mapulobayotiki obwezeretsa tizilombo tabwino ta mmatumbo ndi kukweza CD4 pa miyezi iwiri, botolo limodzi mtengo wake ngati thumba la chimanga ndi ndiwo zake. Ndinagula atatu. CD4 sinasunthe. Mphwanga uja anati ofufuza ayesa mapulobayotiki mwa anthu a kachilombo kangapo ndipo zotsatira zake ndi zosakanikirana, palibe botolo lomwe latsimikizika kuti limasoka matumbo, ndipo ena mwa masapulimentiwa muli kashiamu ndi ayironi yemwe uja wolimbana ndi dolutegravir. Mwayi wanga sindinasiye ma ARV, koma mayi uja ankanena mochenjera kuti ena akamwa zake amasiya "mankhwala a chizungu", ndipo ndikudziwa munthu mmodzi amene anamvera, tinakamuika ku Chiradzulu.

Zomwe ndimachita panopa ndi zosasangalatsa kuzimva poti mulibe chozizwitsa. ARV nthawi imodzimodzi mmawa uliwonse, alamu pa foni. Bakitirimu sindiphonya. Kachasu ndinasiya, poyamba anyamata ankandiseka kuti wapemphera, pano anazolowera. Indosidi ndi brufen ndinasiyanso poti anandiuza kuti kuwonjezera pa matumbo amalemetsa impso zomwe tenofovir wa mu ARV amadutsamo kale, msana ukavuta ndi panado ndi kugona. Nsima tinabwerera ku mgaiwa, ana anadandaula sabata yoyamba, ndiwo ndi nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso, therere, nkhwani wotendera, zinthu zomwe tizilombo tabwino ta mmatumbo timadya, ndipo ndi zotchipa kuposa botolo lija. Chambiko ndimamwa ndikapeza ndalama, wa mpaketi osati wongogula mmabotolo a mumsewu, ndimamukonda basi koma sindimuyesa mankhwala. Mazira osapsa bwino ndi nyama ya pa chiwaya yogona ndinasiya, Salmonella ndinamuona kamodzi zakwana.

Madzi ndi omwe ndinalimbikira kwambiri. Kolera itabuka mu 2022 mpaka 2023, ija inapha anthu opitirira 1,700 mdziko muno, kenako namondwe wa Freddy nkudzagumula mapaipi ndi zimbudzi mu Blantyre, kwathu kunali chigubu chimodzi cha madzi akumwa othira WaterGuard kapena owiritsa, chotseka, chokhala ndi kapu yake yake yomwe mwana saloledwa kumwera. Maneba ankati tikudzimva. Mabanja awiri pa mzere wathu anagonekedwa ku tenti ya kolera, ife tinadutsa, kaya ndi chigubu kaya ndi chisomo kaya zonse ziwiri. Mu kabati mumakhala mapaketi a ORS nthawi zonse, ndipo ndinapangana ndi mayi a kunyumba kuti ndikatsekula kupitirira masiku atatu, kapena ndikaona magazi, kapena thupi likatentha, sitikambirana, tikukwera minibasi. Zachitikapo kamodzi chaka chatha, anandiyeza, anandipatsa mankhwala oyenera a masiku ake onse, sabata yomweyo ndinabwerera ku shedi.

CD4 ndinayezetsanso chaka chatha, yakwera pang'ono koma sinafike 400, ndiye kuti patatha zaka zonsezi sindinabwererebe pomwe ndinali tsiku lomwe ndinaika kabuku pansi pa sutikesi. Vayirolodi ikadali yosaoneka. Pa layini ija ndimaima masana poyera, ndipo tsiku lina ndinakumanapo ndi kasitomala wanga wakale amene ndinkamuopa kwambiri, ali ndi kabuku kake mthumba la shati, tinangopatsana moni nkuyamba kukambirana za mtengo wa matabwa a mlombwa. Makina opalira aja sindinagulebe ena, ndikupala ndi pulena ya pamanja, mwina chaka chamawa.